Boma Sililawa Mchere

Kulemba ndinaphunzira imvi zitayamba kale, kukalasi ya amayi a mpingo, ndipo mpaka lero cholembera ndimachigwira ngati mthiko. Koma zizindikiro ndinayamba kuziwerenga ndili kamtsikana. Mbuzi ya munthu ndinkaidziwa ndi mmene anaidulira khutu, bwato ndinkalidziwa ndi kasemedwe ka kumutu kwake, ndipo mkazi wachilendo akafika pachitsime ndinkangoyang'ana mphini zake n'kudziwa kwawo asanatsegule pakamwa. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali kudziwa amene anayambitsa zimenezi, ndi chifukwa chimene ena onse anavomerera. Ndinkafunsa mpaka anthu kutopa nane. Amayi akandikalipira ndinkati safunsa anadya phula, iwo n'kuyankha kuti wofunsitsa nayenso anadya mbama.

Kwathu kunali kunsi kwa Chikwawa, chapatali ndi mtsinje, pamalo pamene mapira amamera monyinyirika. Mvula ikatha, dzuwa n'kuyamba ukali wake, nthaka ya m'dambo mwathu inkatuluka zoyera ngati wina watayapo ufa. Alendo ankati ndi dziko loipa. Ife tinkati ndi munda, chifukwa zoyerazo zinali mchere. Tinkapala dothi la pamwamba pokha ndi chigoba cha nkhono, n'kulithira mumphika woboola pansi woyalamo udzu, n'kuthirapo madzi kuti atcheze. Madzi otchezawo ndiwo tinkaphika m'nkhali yotakasuka kukamwa, tsiku lonse, utsi uli m'maso. Ntchito yake ndi yomweyo kwa aliyense, koma pali malo amodzi pamene anthu amasiyanirana. Mchere ukayamba kukhala pansi pa nkhali, umauwola n'kuuika munsengwa kuti ukhe, ndipo madzi otsalira m'nkhalimo umataya ngakhale mtima ukukana, chifukwa kuwawa konse kwa dothi kumakhala mmenemo. Waumbombo amaphika mpaka nkhali iume gwa. Mchere wake umachuluka, inde, koma umaluma lilime, ndipo mitambo ikangoyamba kusonkhana umasungunuka wokha m'phukusi.

Amayi ankataya madziwo. Mchere wawo ankaukulunga m'masamba a mlaza n'kumanga mfundo imene panalibe wina aliyense m'dera lathu ankaimanga. Chingwe chinkazungulira phukusi, nsonga n'kubwerera pansi, kenaka n'kutulukira kumbali itapindikira m'mwamba ngati mchira wa chinkhanira. Mfundoyo anaphunzitsa ana awo aakazi awiri okha, ine ndi mng'ono wanga. Mng'ono wangayo anakwatiwa ndi msodzi wachisena amene anapereka chuma n'kumutengera kwawo ku Nsanje, zinthu zimene kwathu sitinkachita, pakuti kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga nyumba kwa mkazi. Anachoka pamudzi akuluakulu atakwiya naye, ndipo uthenga wa maliro a amayi unamupeza titaika kale. Choncho nkhali, dambo ndi mfundo zinatsala m'manja mwanga.

Ogula a amayi nawonso anatsala ndi ine. Chaka chilichonse m'chilimwe, amayi a kumtunda, kumapiri a Thyolo, ankatsika mondondozana atasenza madengu a chimanga kudzasinthanitsa ndi mchere. Wowatsogolera anali mayi wina wamfupi, wamawu aakulu, wosasiyana ndi fodya wake wa m'mphuno. Iyeyu anayamba kugula kwa amayi ine ndili kumsana. Akafika ankangotembenuza phukusi, kuona mchira wa chinkhanira uja, n'kuliponya mudengu osamasula. Anzake ankatsata iye. Akati pano, onse ankatula pomwepo.

Chaka chimene ndikunenachi nkhondo ya mtengatenga, imene azungu anatengera amuna kukanyamula katundu, inali itatha, amuna obwerako atabwerako, ndipo mvula inatinyenga. Inagwa bwino poyamba, ife n'kubzala, kenaka kumwamba kunangoti mbee. Mapira anapsa asanatulutse ngala. Ndinali ndi ana atatu, wotsiriza akadali kubere, ndipo munkhokwe mwathu ngakhale mbewa zinali zitasamuka. Chakudya cha ana anga chaka chimenecho chinali m'madengu a amayi a kumtunda aja, sikwina ayi. Ndinaphika mchere ngati wamisala, mapukusi n'kuunjikana kuseri kwa chitseko, ine n'kumangoyang'ana kunjira ya kumapiri.

Mayi uja anafika, koma kumbuyo kwake kunalibe mzere. Anabwera ndi mnzake mmodzi yekha, dengu lake losadzaza. Anakhala pamphasa, anamwa madzi, anafunsa za ana monga mwa masiku onse. Kenaka anapisa m'nsalu yake n'kutulutsa phukusi la mlaza.

"Mwana wanga, talawa uwu."

Ndinamasula. Ndisanalawe n'komwe ndinaona kuti mcherewo ndi wonyowa, wotuwa ngati phulusa. Ndinauika palilime n'kulavula.

"Uwu si wanga, amayi."

"Nanga mfundo imene wamasulayo ndi ya yani?"

Anali ndi phukusi linanso losamasula. Ndinalitembenuza uku ndi uku, kufunafuna pamene wakubayo anaphonya. Sanaphonye paliponse. Atandisakanizira ndi anga, ngakhale ineyo sindikanalitola.

Mayiyo anafotokoza kuti mpongozi wake ndi anzake anagula mapukusi ambiri patsinde pa phiri, panjira yotsikira kuchigwa, kwa mkazi wina amene anawauza kuti palibe chifukwa chodzitopetsa mpaka kudambo pamene mchere ndi womwewo. Mcherewo unalowa m'midzi yonse ya kumtunda, ndiwo n'kuwonongeka, ndipo anthu anayamba kulankhula.

"Akuti mwana wa malemu wayamba umbombo. Akuti bola mchere wa m'sitolo, wodula koma sunama. Ine ndawaletsa, ndati dikirani ndikaone ndi maso anga. Mwezi uno ukafa, wina ukaoneka, titsika ndi chimanga chimene chatsala. Koma ndikadzapezanso mfundo iyi panjira ili pa mchere woluma, ndidzawabweza onse, ndipo pakamwa panga sipadzakhalanso mawu okuikira kumbuyo."

Mwina inu owerenga mwadziwa kale mwini zala zimenezo. Ine sindinadziwe, kapena ndinene kuti mutu wanga unakana kulowera kumeneko. Mng'ono wanga anali ku Nsanje pakati pa nsomba ndi maukonde, mchere akanauphikiranji? Ndinaganiza kuti mkazi wina wochenjera anamasula phukusi langa pang'onopang'ono mpaka kugwira kamangidwe kake. Ndinapsa mtima kwambiri, moti masiku amenewo ngakhale nkhuku zinkandilambalala. Koma pansi pa mkwiyowo panali funso limene linkandiyabwa kuposa mkwiyo womwewo. Kodi mfundo imabedwa? Mbuzi ikabedwa, m'khola mumaoneka kuti mwachepa. Mfundo yanga inali ikadali m'zala zanga, sinapite kulikonse, koma ndinali nditaberedwa ndithu. Ndikanapita pabwalo kukadandaula, ndikanati anditengera chiyani?

Masiku omwewo amuna anga ankapita kudooko la Chikwawa kukagulitsa kathonje kamene kanapulumuka kudimba, ndipo ndinawatsatira. M'sitolo ya mmwenye wina ndinapeza mkazi akukangana naye za nsalu. Mmwenye akumutambasulira yoyera bwino, mkaziyo akupukusa mutu kuti ayi, ndikufuna ya mabelu awiri. Masiku amenewo nsalu yoyera inkabwera ndi chithunzi chodindidwa kumapeto kwake, ndipo aliyense ankadziwa kuti ya mabelu awiri imapirira. Zina zinali phala lokhalokha, ukangochapa kamodzi n'kutsala ndi ukonde. Amuna odzitama ankavala ya mabeluyo chithunzi chili kunja mpaka chitasuluka chokha.

Mkazi uja atachoka ndi mabelu ake, ndinasendera pafupi. Amuna anga anandikoka nsalu kumbuyo, chifukwa ankandidziwa, koma zinali zitachedwa.

"Bwana, amene amapanga nsalu yoipayi manja alibe? Bwanji osangojambula mabelu awiri pansalu yawo?"

Mmwenyeyo anali nkhalamba yokonda macheza, Chinyanja chake chokhotakhota koma chomveka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayesa, mayi, amayesa. Koma mabelu ali ndi mwini wake, kutsidya la nyanja. Analembetsa kuboma. Wina akadinda mabelu awiri pansalu, mwini amapita naye kukhoti, katundu amalandidwa, munthu amalipira."

"Ngakhale atajambula bwino kuposa mwiniyo?"

"Makamaka akajambula bwino."

"Nanga akajambula atatu?"

Apa anakanda ndevu, ndipo ndinaona kuti funsolo lamukomera.

"Woweruza amafunsa kuti, kodi mayi ngati wachokayu, wosadziwa kuwerenga, ali pachangu, angasokonezeke? Akaona kuti angasokonezeke, atatu nawonso ndi kuba."

Ndinatuluka m'sitolomo mtima ukudumpha. Si ine ndekha ndinali ndi funso lija. Kwinakwake kutali anthu anakhala pansi n'kuvomerezana kuti chinthu chikhoza kubedwa chili chikhalire m'manja mwa mwini wake, ndipo anachipangira lamulo. Ndinauza amuna anga kuti sindibwerera kumudzi ndisanafike paboma. Ndinkafuna kuti popita kutsinde kwa phiri kukakumana ndi wakuba uja ndipite nditanyamula ndodo ya boma.

"Kuboma sapitako munthu wosaitanidwa," anatero iwo. "Ukalowa ndi mchere, utuluka ndi msonkho wa mchere."

Anandiperekeza mpaka pamtengo wa pabwalo la boma, n'kukakhala pamthunzi chakumbali ngati sakundidziwa. Anali munthu wabwino amuna anga, koma kulimba mtima kwawo kunkathera pa ng'ona ndi mvuu. Akaona chisoti chofiira cha mesenjala ankalambalala.

Mesenjala wa pakhonde anandifunsa kuti mlandu wanga ndi wanji. Ndinati si mlandu, ndabwera kudzalembetsa mfundo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kulowa m'kati kukaitana kalaliki kuti nayenso adzaseke nawo. Kalalikiyo anali bambo wachinyamata wophunzira kumishoni, malaya oyera mpaka m'khosi ngakhale kunja kunali kotentha chotero. Anamwetulira, inde, koma nditatulutsa phukusi n'kufotokoza zimene mmwenye anandiuza, anaitanitsa mpando wake kuti aubweretse pakhonde. Ine ndinakhala pansi.

Anayamba ndi kundiuza zoona, kuti paboma pamenepo ntchito yawo ndi msonkho ndi milandu, ndipo chiyambireni sanaonepo munthu akubwera kudzalembetsa chizindikiro. Zimenezo zinkachitika ku Zomba, ndipo ochita ake anali eni makampani. Koma iye anagwirapo ntchito kuofesi ya amalonda ku Blantyre, choncho ankadziwa mmene zimayendera. Ndikulemba monga ndinamvera ine, ngati pena ndapotoza mlandu ndi wa makutu anga. Anati choyamba chizindikiro chizikhala chosiyana ndi cha ena, chakuti munthu akachiona aganize za mwini mmodzi. Sungalembetse mawu akuti mchere pa mchere, chifukwa mawuwo ndi a aliyense. Anati umachijambula papepala, n'kunena katundu amene uzichiikapo.

"Ndiye kuti ine ndikhoza kuika mabelu awiri pa mchere wanga?" ndinafunsa.

"Mwina mukhoza, chifukwa mwini mabelu analembetsa pa nsalu. Palibe angagule mchere n'kumaganiza kuti wagula nsalu."

Zimenezi zinandiseketsa, koma ndinaona kuti n'zanzeru. Khutu lodulidwa la mbuzi ya munthu sililetsa mnzake kudula chimodzimodzi khutu la galu wake.

Kenaka anatenga cholembera kuti ayese kujambula mfundo yanga. Anajambula, anafufuta, anatembenuza phukusi, anajambulanso. Chimene chinatuluka chinkafanana ndi nyongolotsi yopondedwa. Iye mwini anaseka, n'kunena kuti apa pali vuto lina, pakuti mfundo si chithunzi. Akuluakulu a ku Zomba akanatha kunena kuti kumanga phukusi ndi ufulu wa munthu aliyense. Anaonjeza kuti pamafunika ndalama zimene mchere wanga sukanazipeza ngakhale nditaphika zilimwe zingapo osadya, ndipo pakapita zaka umalipiranso, apo ayi chizindikiro chimafufutidwa.

Ine zonsezi sizinandibweze. Ndinali ndi chinthu chimodzi chimene ndinkadziwa kuti chithetsa nkhani. Ndinamasula phukusi langa, mchere woyera, wouma, n'kulikankhira kumapazi ake.

"Lawani, bambo."

"Ndilawe chifukwa chiyani, mayi?"

"Kuti mudziwe kuti ndi wabwino. Nanga mungalembe bwanji chizindikiro cha chinthu chimene simunalawe? Uwu ndi wanga, uwu ndi wa wakubayo. Lawani wonse, mukauze a ku Zomba."

Njira yonse kuchokera kusitolo ndinkaona m'maganizo mwanga chinyumba chachikulu, mmene mwakhala akuluakulu a boma, wina akuchapa nsalu kuti aone ngati ikupirira, wina akukhapa chitsa ndi khasu, wina akulawa mchere, ndipo chokhacho chimene chapambana ndicho chimapatsidwa chizindikiro. Kwathu zinali choncho. Palibe mkazi ankavomerezedwa kuti amadziwa kuphika mchere amayi aakulu asanauike palilime.

"Mayi," anatero kalalikiyo mofatsa, "boma sililawa mchere. Silichapanso nsalu. Limangolemba kuti chizindikiro ichi ndi cha uje, pa katundu wakuti. Mwini mabelu akafuna mawa kuyamba kupanga nsalu yoola, mabeluwo ndi akebe."

"Ndiye lamulolo limateteza chiyani?"

"Limateteza kuti wogula adziwe kumene chinthu chachokera, ndi kuti wina asadye thukuta la mnzake. Zakuti ndi chabwino kapena choipa, imeneyo ndi nkhani ya inu ndi ogula anu."

Ndinakhumudwa, sindibisa. Boma lonseli, ndi mbendera yake, ndi amesenjala ake, lopanda lilime! Iye pondimvera chisoni anatsinako mchere wanga n'kulawa, nati ndi wabwinodi, ndipo anafunsa ngati ndingamusiyire phukusilo kuti akapatse akunyumba. Ndinamusiyira. Ndikudzuka kuti ndizipita, anakumbukira chinthu china.

"Ndinaiwala. Asanalembe amayamba alengeza, kuti ngati alipo wina amene wakhala akugwiritsa ntchito chizindikirocho kuyambira kale, abwere adzatsutse. Alipo wina amene mfundoyi anaipeza mwachilungamo?"

"Palibe," ndinayankha msangamsanga. Koma potsika pakhondepo ndinakumbukira kuti amayi anaphunzitsa awiri.

Kutsinde kwa phiri ndinapita ndekha, mwana kumsana, mpeni wodulira mlaza m'chiuno. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Pambali pa njira panali kadambo kakang'ono, dothi lake lotuwa, ndipo pamenepo panali chisakasa cha mapesi. Kutsogolo kwake mkazi wowonda anali atanjuta akusonkhezera moto pansi pa mphika wosweka kukamwa, kamwana kakusewera ndi makala ozima pambali pake. Anali atandifulatira, koma kakhalidwe kameneko, phazi limodzi kutsogolo, chigongono pabondo, kanali ka amayi. Ndinamuzindikira mng'ono wanga ndisanaodire n'komwe.

Atacheuka sanathawe, sanadabwenso kwenikweni. Anangopukuta manja pansalu yake n'kunena kuti, "Akulu, mwafika."

Tinalira kaye maliro a amayi, chifukwa chimwalirireni iwo tinali tisanaonane. Kenaka anandiuza zake. Mwamuna wake anatengedwa kukanyamula katundu wa nkhondo ndipo sanabwerere. Abale a mwamunayo anafuna kuti mchimwene wake amulowe chokolo, iye anakana, iwo n'kumulanda ana aakulu popeza anali a chuma chawo. Anachoka ndi wakhanda yekhayo. Kumudzi kwathu anaopa kufika chifukwa amalume anamuuza tsiku lochoka kuti asadzabwerere ndi misozi. Anayenda mpaka pamene anaona dothi loyera, n'kuima.

Ndinamva chisoni, koma chisoni sichinadzaze nkhokwe yanga. Kuseri kwa chisakasacho ndinaona mulu wa mapukusi, onse michira ya chinkhanira ili m'mwamba, akudikira amayi a kumtunda. Mkwiyo unabwerera wonse.

"Iwe, ukudziwa kuti wapha ana anga ndi njala? Waba mfundo yanga n'kuiika pa matope awa."

"Nkhabe, akulu, sindinabe." Chisena chinali chitamulowa m'kamwa. "Yanu? Amayi anagwira zala zanga monga anagwirira zanu. Nkhali munatenga ndinu, dambo ndinu, mphasa imene anagonapo ndinu. Ine cha amayi chimene ndinapita nacho ku Nsanje ndi chokhachi. Ngakhale nsomba zouma ndinkamanga chomwechi. Kumanga kwina sindikudziwa."

"Nanga kuuza anthu kuti mchere ndi womwewo, asafike kudambo, anakuphunzitsanso ndi amayi?"

Anayang'ana pansi. "Limenelo ndi bodza langa. Mwana anali atagona ndi njala."

"Madzi owawa sutaya bwanji?"

Anangopendeketsa mphika uja kuti ndione. Dothi la pamenepo linali lofooka, moti akanataya madzi otsalira, pansi pakanatsala mchere wosadzaza chikhatho.

Ndinakhala pachitsa n'kumaganiza, pakuti ngakhale nditakwiya mutu wanga susiya kufunsa. Kwa mng'ono wanga mfundoyo inkanena kuti ndine mwana wa uje. Kwa amayi a kumtunda inkanena kuti mchere uwu suluma. Amayi ali moyo ziwirizi zinali chinthu chimodzi, ndipo palibe anaganizapo kuti zingasiyane. A ku Zomba akanalengeza, mng'ono wanga akanabwera kudzatsutsa, ndipo sakananama. Komanso mayi wa kumtunda uja sananame pamene anati wapusitsidwa. Ndinafunafuna pamene ndingaike chala n'kunena kuti wolakwa yekha ndi uyu, koma sindinapapeze. Chimene ndinapeza n'chakuti mwezi unali kufa, ndipo mulu uja unali pambali pa njira.

Ndinasolola mpeni n'kuyamba kudula zingwe za mapukusi ake, limodzi ndi limodzi. Analira, anandigwira mkono, anati ndikutaya chakudya cha mwana wake. Ndinamukankha. Sindinasiye ngakhale limodzi lomanga.

"Uwu mbuzi zinyambite," ndinatero. "Nyamula mwana, tizipita. Amalume akatsegula pakamwa akayankhula ndi ine."

Panjira ndinamuikira lamulo langa, popeza la boma linali litandikana. Mfundo ndi yathu tonse, chifukwa sindingaichotse m'zala zake. Koma palibe phukusi limangidwe lisanalawidwe, wake ndilawe ine, wanga alawe iye, ndipo wolawayo akalavula palibe kukangana. Anayenda kumbuyo kwanga mtunda wautali, kenaka anati, "Wanunso ndizilavula ukaipa?" Ndinati inde, ngakhale mawuwo anatuluka movutikira.

Amalume anatsegula pakamwa monga ndinayembekezera, ndipo anayankhula ndi ine mpaka anatseka. Masiku otsalawo tinaphika awiri, nkhali ziwiri pamoto. Mng'ono wanga ankazengereza potaya madzi otsalira, chifukwa munthu amene waona njala kutaya kumamupweteka, ndipo poyamba ndinalavula mchere wake kangapo. Iye anandilavulira wanga kamodzi, tsiku limene ndinachedwa kuwola chifukwa mwana ankalira. Ndinalawa ndekha mobisa, ndinapeza kuti sanalakwe, ndipo tsiku lonselo sindinamuyankhule.

Mwezi watsopano utaoneka, mzere unatsika kuphiri. Unali waufupi kusiyana ndi zaka zonse, koma madengu anali odzaza, ndipo ana anga anathamangira kunjira kukawachingamira. Mayi uja analowa pabwalo, anaona ife awiri titaima pafupi ndi mulu wa mchere, n'kuyang'anitsitsa mng'ono wanga. Mpongozi wake anamunong'oneza kanthu kukhutu. Ndinafotokoza zonse pamaso pa gulu, osabisa kanthu, mng'ono wanga mutu uli pansi. Palibe anatula dengu. Onse ankayang'ana mayi wamfupi uja.

Anawerama n'kutola phukusi limodzi pakati pa mulu. Ndinalidziwa pomwepo kuti ndi la mng'ono wanga, chifukwa iye ankakoka chingwe mwamphamvu mpaka mlaza kupindika m'chiuno. Mayiyo analitembenuza, anaona mfundo, anakhala pansi, n'kuyamba kumasula ndi zala zake zokalamba. Manyazi anandigwira ngati andivula pagulu. Anatsina mchere, anauika palilime, anatseka maso. Mwana wanga wamkulu anali atagwira m'mphepete mwa dengu la chimanga la mayi wina, ndipo ndinalibe mphamvu yomukalipira.

"Ndi wabwino," anatero pomaliza. "Tulani."

Madengu anatsika pansi. Ndinagwada kuti ndithokoze, koma anandigwira paphewa ndisanayambe.

"Usathokoze, mwana wanga. Chaka cha mawa ndidzamasulanso."

Ana anga anadya chaka chimenecho, wa mng'ono wanga nayenso anadya. Mayi uja anatsikabe zilimwe zambiri mpaka miyendo inamukana, ndipo pakhomo pathu sanapezenso mchere woluma ngakhale kamodzi. Koma ulendo uliwonse ankakhala pansi, kumasula mfundo ya amayi, n'kulawa, ife awiri tili chiimire kudikira.